Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yachitatu

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana,

Tatseka teremu yachitatu, ndipo malipoti a mayeso tawapatsira ana anu. Tikuthokoza komiti ya sukulu ndi gulu la amayi potigwira mkono chaka chonse.

Nkhani imene yandikhudza kwambiri teremu ino ndi mphumu. Chisanu cha Juni ndi Julaye kuno kunsi kwa phiri la Zomba, makamaka masiku a chiperoni, chajombetsa ana ambiri. Ena amabwera ndithu, koma atachezera kutsokomola usiku wonse, nkumasinza m'kalasi. Mwana akabanika mumamuona atawerama pa desiki, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Chimandipweteka mtima n'chakuti ambiri timawadziwira pomwepo, makolo asanatiuzepo kanthu.

Chonde musatibisire. Mphumu sipatsirana, ndipo si kulodzedwa. Timachubu todutsa mpweya m'mapapo timatupa nkuthina, zomwe zimayambitsidwa ndi kuzizira, fumbi kapena utsi. Ndamva ena akuti mwana akayamba inhela, kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa, ndiye kuti walowerera, sadzasiyanso. Si zoona. Inhela ya salbutamol, yabuluu ija, imatsegula chifuwa m'mphindi zochepa, ndipo malo ake ndi m'chikwama cha mwana akamabwera kusukulu. Amene anapatsidwanso yopopera tsiku ndi tsiku asaleke chifukwa choti akupeza bwino.

Ife kuno tagwirizana kuti ana oterewa asamafufute bolodi kapena kusesa, ndipo juzi ya mtundu uliwonse tidzailola m'nyengo yozizira. Mpira azisewera ndithu.

Tchuthi chino chikulowa m'nyengo ya fumbi ndi yotentha tchire. Wazani madzi musanasese, mbaula ikolezedwe panja, zinyalala zisatenthedwe pafupi ndi nyumba. Abambo osuta fodya, kasutireni kutali. Izi zithandizanso agogo ndi inu nomwe akuluakulu amene mphumu imakulepheretsani kugwira khasu kapena kukwera mtunda wochokera kumsika.

Mwana akalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, pakati pa nthiti pakamalowa mkati popuma, kapena inhela ikapanda kuthandiza, mukhazikeni tsonga, musamugoneke, ndipo thamangani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Zomba Central, ngakhale pakati pa usiku.

Potsegulira mu Seputembala, aliyense amene mwana wake ali ndi mphumu adzandipeze ku ofesi atatenga buku la mwanayo la kuchipatala, tidzakambirane pamodzi ndi mphunzitsi wa kalasi yake.

Ndine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu