Lipoti la nthumwi zathu ku msonkhano wa amayi a geni

A tcheya ndi amayi anzathu, tabwerako kumene munatituma. Nkhani imene inadya nthawi yambiri ndi ya mpamba.

Mabanki amafuna chikole, koma m'mabanja ambiri mapepala a malo ndi nyumba ali m'dzina la abambo. Ndiye ambirife timathamangira ku banki mkhonde kapena kwa akatapila. Tawerengetsani: mukakongola K100,000 pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 pamwezi, geni yanu itulutse kaye K20,000 inu musanagule ngakhale mchere. Wa tomato kapena mandasi angakwanitse, poti ndalama yake imazungulira tsiku ndi tsiku. Koma wopikula soya kapena mtedza pokolola kuti adzagulitse m'Disembala asayerekeze kutenga ngongole yobweza sabata iliyonse. Amakakamizika kugulitsa mtengo usanakwere, phindu lonse n'kuthera pobweza.

Mpamba umadyekanso pakhomo. Ndiwo, fizi, chipepeso cha maliro, zonse timatapa m'thumba limodzimodzilo. Aliyense akhale ndi kope lolembamo zopikula, thiransipoti, chiphaso cha pamsika, katundu woonongeka ndi amene wakongoza. Dzipatseni malipiro pasabata, yotsalayo ikhale pa nambala yakeyake ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Mtengo muziika poona kuti mawa mukapikula zingati, osati kuti munapikula zingati. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, amene anagulitsa pamtengo wakale analephera kubwezeretsa katundu.

Kwa opita ku Chipata ku Zambia: pa chipata cha m'malire cha Mchinji pali ndondomeko ya COMESA (bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa) yothandiza amalonda ang'onoang'ono kudutsitsa katundu mosavuta, ya katundu wosapitirira madola 2,000 a ku America. Si katundu aliyense ali pamndandanda wa ndondomekoyi, choncho funsani musanapikule. Zimatipweteka kumva kuti amayi akulandidwa katundu ndi kuchitidwa zachipongwe m'njira zozemba chifukwa sanauzidwe zimenezi.

Za kulembetsa geni kuboma tinangodutsamo. Popanda satifiketi ya kwa Registrar General ndi nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA, oda ya kusukulu kapena kuchipatala cha boma sitingaipate. Opanga chiponde ndi tsabola wa m'mabotolo amafunikanso chidindo cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu, kuti katundu alowe m'masitolo aakulu.

Pempho lathu ndi loti tionenso malamulo a banki mkhonde yathu, kuti opikula mbewu azipatsidwa nthawi yaitali yobwezera kusiyana ndi a geni ya tsiku ndi tsiku. A mlembi aiike nkhaniyi pa zokambirana za msonkhano ukubwerawu, ndipo aliyense adzabwere ndi kope lake.