Blockchain payokha singalondere mfuti

Akonzi,

Kuno ku Joni kukumveka maganizo oti mfuti zizilembedwa pa blockchain kuti zisamathere m'manja mwa achifwamba. Maganizowa ngabwino, koma tisawayese mankhwala a nthenda zonse.

Blockchain ndi kaundula wa pakompyuta amene makope ake amakhala m'malo ambiri nthawi imodzi. Cholembedwa chatsopano chimamangiriridwa ku chakale, ndiye wina akasintha nambala pa kope lake, makope enawo amamuyalutsa.

Kulemba mfuti si kwachilendo kuno. Lamulo la Firearms Control Act la 2000 limafuna kuti mfuti iliyonse ilembedwe ku Central Firearms Register ku Pretoria. Chovuta nchakuti wolemba ndi wosunga mfuti zolandidwa ndi mmodzi, apolisi. Mu 2016 Christiaan Prinsloo, yemwe adali mkulu wa apolisi ku Vereeniging, adagamulidwa zaka 18 atagulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zimayenera kuwonongedwa, zambiri nkukathera kwa zigawenga za ku Cape Town. Bodza loti mfuti zawonongedwa pamene zagulitsidwa likalowa pa blockchain limangosanduka bodza losafufutika.

Choncho chofunika ndi amene akusaina. Mfuti ikamachoka kwa wogulitsa kupita kwa mwini laisensi, kapena kupolisi kupita kung'anjo yosungunulira mfuti, wopereka ndi wolandira asaine aliyense ndi kiyi yake yachinsinsi ya pakompyuta. Wa kung'anjo asaine nambala ya mfuti imodziimodzi ataiona ndi maso, osati lole yathunthu. Makope asakhale kupolisi kokha: a IPID ofufuza milandu ya apolisi akhale ndi lawo, a PSIRA oyang'anira makampani a alonda lawonso. Mayina ndi maadiresi a eni mfuti asaikidwepo, kuopa kulozera mbava nyumba zoti zikathyole.

Nanga nambala ikapalidwa? Wakuba amaifufuta ndi girayinda mphindi zochepa, ndipo mfutiyo imakhala yatuluka m'kaundula aliyense. Nambala yodinda mokhomerera imatha kuonekanso akatswiri akathirapo asidi, chifukwa chitsulo cha pansi pake chidapanikizika. Yolembedwa pamwambamwamba ikapita yapita. Nchifukwa chake nambala yachiwiri yobisika mkati mwa mfuti ndi yofunika kuposa pulogalamu yodula.

Kupolisi ya Norwood, konkuno, kudasowa mfuti 158 m'chipinda chosungira umboni. Pamenepo pamafunika munthu wochokera kunja wotsegula chitseko mwezi ndi mwezi, kuwerenga mfuti, nkuyerekeza ndi zomwe zili m'kaundula.

Wowerenga wanu,
Johannesburg