Misundu yako yatisowetsa tulo kuno

Mulanje, Lamulungu, 3 Ogasiti 2025

Chemwali wanga,

Kalata yako inandipeza Lolemba, masamba onse anayi, ngakhale lachitatu unalijambula dzanja likunjenjemera moti ndinachita kulikuza ndi zala kuti ndione mawu. Kaya ndi kuzizira, kaya ndi njala. Ife kuno tadzuka, kaya iwe. Ndikulemba pamapepala otsala m'kope la banki mkhonde la chaka chatha, ndiye ukaona mizere ya masheya ndi chiwongoladzanja m'mbalimu usachite mantha, ngongole ulibe. Magetsi akayaka nditchaja foni n'kukujambulira.

Ndiyambe ndi mlandu umene wandipalamulira. Unalemba kuti kumeneko ku Nepal mvula imayamba mu Juni mpaka Seputembala, ndipo ukamakwera m'tinjira ta m'mapiri popita kwa alimi ako, misundu imalowa m'sokosi mwakachetechete, umangozindikira magazi ali chuchuchu. Ine ndinaseka mpaka misozi. Kupusa kwanga, Lachiwiri madzulo ndinapita kwa mayi ako n'kuwawerengera kalata yonse, osadumpha mzere ndi umodzi womwe. Pakhonde panali iwo, make Chisomo amene anabwera kudzabwereka sefa, ndi kamdzukulu kosamva kaja. Mayi ako anangoti, "Mayo ine mwana wanga," n'kufunsa kuti magaziwo ndi ochuluka bwanji. Ndinati ndi pang'ono, ngati mmene zimachitikira kudambo tikamaokera mpunga. Sanayankhe. Make Chisomo ananyamuka sefa ataiwala.

Lachitatu m'mawa ku mjigo nkhani inali yakuti ukupopedwa magazi. Dzuwa lili pamutu inali yakuti bungwe linachita kukusankha dala chifukwa ndiwe wonenepa, n'chifukwa chake silikukulipira. Pofika madzulo ngakhale dziko linasintha: sunalinso ku Nepal koma ku India, ndipo magaziwo akuwathira m'mabotolo n'kumata dzina lako. Lachinayi amayi a Mvano anakupempherera, dzina lako linatchulidwa katatu, kuposa odwala enieni. Tsiku lomwelo malume ako anandipeza ku nazale atavala jekete lawo la maliro lija, akuti agulitsa mbuzi ziwiri akakutenge, ndiwauze ngati basi ya ku Nepal imakwereredwa ku Limbe kapena ku Wenela. Ndinawauza kuti mbuzi ziwiri sizingawafikitse ngakhale pachipata cha bwalo la ndege ku Chileka. Anakwiya, akuti ndikunyoza mbuzi zawo.

Ndikulemba moseka, koma usiku wa Lachinayi sindinagone. Iwe ukuikumbuka 2017. Tinali titangoyamba kumene ntchito yongodziperekayi pamene nkhani ya anamapopa inabuka kuno ndi ku Phalombe n'kufalikira mpaka ku Thyolo ndi ku Blantyre. Anthu kugona panja m'magulu, miyala ndi zipika m'misewu, anyamata kusecha galimoto iliyonse yachilendo. A United Nations anachotsa antchito awo, a Peter Mutharika anachita kubwera okha kudzalankhula ndi anthu, komabe ena anaphedwa, ongodutsa chabe, chifukwa cha kachikwama kamene ananyamula. Ife tinabisa sikelo ya ana pansi pa bedi la agogo kwa miyezi iwiri. Ndiye taganiza, chaka chino ndikuyenda m'midzi ndi mzungu amene kumsana kwake kuli chikwama chotulutsa kapaipi. Inde, kapaipi! Madzi akumwa amakhala m'kathumba m'kati, iye n'kumayamwa akupalasa njinga. Lachisanu m'mawa ndinamulanda, n'kumupatsa botolo wamba. Anafunsa chifukwa, ndinamuuza zonse. Nkhope inachita kuyera kuposa mmene ilili kale.

Tinapita kwa amfumu ndi chithunzi cha msundu pafoni. Anachiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno, kenaka anati, "Msundu basi? Womwewu wa ku Ruo?" Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo dzulo alengeza okha pamsonkhano wa mudzi. Zazizirako. Koma chonde, ndakugwira mwendo, jambula kavidiyo ukuonetsa miyendo yonse iwiri, ukuyenda, ukulankhula Chichewa, utchule dzina la malume ako ndi mbuzi zawo. Usavale sokosi. Ndipo kuyambira lero kalata zako uzilemba ziwiri, ina ya ine, ina yowerengera anthu.

Mzunguyu sunamuone, anabwera mu Meyi utachoka kale. Kwawo ndi ku Scotland, akhala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo akugona m'chipinda chako chija, pabedi lako lolira lija. Amayi a m'gulu anamutcha Nakope chifukwa kope silichoka m'manja. Tsiku loyamba anandifotokozera monyadira kuti Blantyre yathuyi inatengera dzina la kwawo kwa David Livingstone, ine n'kumangoti "Oo, zoona?" ngati sitinaziphunzire ku pulayimale. Ndi mwana wabwino. Amadzuka ndi atambala, amasesa pabwalo mokhotakhota, amasamba madzi a m'ndowa osadandaula, ndipo "mwadzuka bwanji" amamupereka kwa aliyense ngakhale dzuwa likulowa. Agogo a kuseri kwa tchalitchi amamuyankha dala m'Chilhomwe, iye n'kutsegula kope kufunafuna mawu amene mulibe.

Pamene timakangana ndi pa manyowa a Mbeya. Iye akufuna chilichonse chipite pasikelo: gaga, phulusa, ndowe za mbuzi, ndi kafeteleza kochepa kaja. Amayi amayeza ndi chidebe ndi maso, madzi amawaza mpaka akafumbata dzanja zigwirane koma zisadonthe, n'kuthira m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, kumanga, kudikira masiku 21. Nakope anapanga thumba lake lapadera, loyeza bwinobwino, analemba ndi deti pamwamba. Anaiwala kuti nkhuku siziwerenga. Zinabowola thumbalo tsiku lachitatu chifukwa cha gaga. Make Tadala anamuuza mwaulemu kuti mwina nkhukuzo zimafuna kuona ngati wayeza bwino.

Za mbaula ndiye zinamuwawa kwambiri. Dothi analipondaponda yekha, anaumba, anayanika pamthunzi, koma potentha yake yokha inang'aluka. Sizinamukhudze kwambiri zimenezo. Chimene chinamupweteka n'chakuti tsiku lina tinalowa m'khitchini mwa a tcheya a gulu mosayembekezereka, n'kupeza chitetezo mbaula ili pakona, nkhuku itaikiramo mazira, iwo akuphika pamafuwa. M'malipoti tinalemba kale kuti nyumba imeneyo ikugwiritsa ntchito mbaula. Panjira sanalankhule. Ine ndinamuuza kuti mbaula imapulumutsadi nkhuni, ndipo m'chilimwe amaphikirapo ndithu, koma kuno kukagwa chiperoni, mtambo utakwirira phiri masiku atatu, kamvula kali waa, ana amafuna moto wouzungulira. Mbaula imatenthetsa mphika, mafuwa amatenthetsa banja. Analemba m'kope. Kaya a ku ofesi adzaziwerenga, poti fomu yawo ili ndi mabokosi awiri okha, eya ndi ayi.

Misonkhano ya 8 koloko imayamba 10 koloko monga mwa nthawi zonse, ndipo mu Juni tinalephera inayi chifukwa cha maliro. Poyamba ankangoyang'ana wotchi n'kumapuma mokoka. Maliro a bambo a Dalitso ndinamukokera, ndinamumanga chitenje, anakhala pansi ndi amayi miyendo atatambasula kuyambira m'mawa mpaka kumanda. Poimirira anachita kumudzutsa anthu awiri. Chichokereni tsiku limenelo akaitanitsa msonkhano anthu amabwera, mochedwa ndithu, koma amabwera. Iii, kodi ndinakuuza kuti bambo a Dalitso anatisiya? Shuga uja. Tinaika pa 19 Juni.

Ndiye ukamadandaula kuti ana akumeneko amakulondola mpaka kuchimbudzi, amayi amakugwira tsitsi osapempha, ndipo pamsonkhano amaseka iwe osadziwa chimene chaseketsa, ine ndimangokumbuka mmene tinkamusekera mnyamata wa ku Japan uja atadya nsima ndi sipuni. Chaona mnzako chapita. Koma ndinamva chisoni pamene unati tsiku lina unakhala osalankhula ndi munthu kuyambira m'mawa mpaka usiku kupatula moni. Iwe, wolongolola ngati wailesi! Nakope naye ndinamupezapo akulira kuseri kwa bafa, akuti palibe chimene chachitika. Ndinangomupatsa chinangwa chootcha, ndinasowa china chochita. Kumeneko alipo amene amakupatsa chinangwa?

Za chakudya usandinamize. Mpunga ndi nyemba zosenda kawiri patsiku, zimene ukuti dal bhat, anthu kuno amadya pa Khirisimasi, iwe ukuti n'kuzunzika. Ndipo wanena wekha kuti ali ndi dhido, yovundula ndi mthiko ngati nsima, ya ufa wa mawere kapena wa chimanga. Ufa woyera sinditumiza, ungakafike utachita nkhungu. Komanso uyang'anitsitse m'mbalemo. Nandolo wathu mavenda akagula amakathera ku India, ndipo Nepal ndi khomo loyandikana. Mwina chipere chimene ukuchinyozacho n'cha m'munda mwa mayi ako, chakulondola. Chaka chino wabereka bwino, tayamba kudya wamuwisi, koma mtengo wake sindikufuna n'kuuganizira komwe.

Zakuti kalendala yawo ili m'chaka cha 2082 zandisangalatsa kwambiri. Poti uli kutsogolo zaka zonsezo, tatiuza: msewu wathu uja anauthira phula? Nanga pa 16 Seputembala wapambana ndani? Kuno magalimoto a zimkuzamawu sakutipumitsa, zitenje za zipani zachuluka moti make Chisomo ali nazo za mitundu itatu, amasintha malinga ndi amene wabwera. Zakuti mumapuma Loweruka n'kugwira ntchito Lamulungu abusa sindinawauze, misundu yakwana. Koma nthawi uziwerenga bwino. Muli patsogolo ndi maola atatu ndi mphindi 45, kaya mphindi zimenezo anazitola kuti. Ukamaimba 6 koloko m'mawa kumeneko, kuno imakhala 2:15 usiku, ndipo foni ikalira nthawi imeneyo munthu umaganiza maliro.

Pamene wandikhumudwitsa ndi paja ukuti phiri lathu kumeneko angalitche chulu. Chabwino, Everest ndi mamita 8,849, Sapitwa ndi 3,002, masamu ndikuwadziwa. Koma waliona ndi maso ako Everest wakoyo, kapena ukungoona mitambo? Ife mwezi wathawu a UNESCO aliika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Anyamata onyamula katundu ku Likhubula akuti alendo achuluka tsopano. Tiona. Mkungudza wokha ndiwo sukubwerera msanga.

Chulu chimenecho n'chomwe chinatigwera mu Malichi 2023. Lachitatu tinali kuchigwembe kuja kumene madzi a Freddy anadutsa, tikuona vetiva ndi mitengo imene unadzala ndi gulu lako. Vetiva wagwira, mizere ili njo. Mitengo yambiri mbuzi zadya, yatsala ya m'mphepete mwa miyala. Miyala ija ikadali pomwepo, ina yaikulu ngati nyumba, ana amasewerapo. Make Yamikani amapitabe kukakhala pamwala womwe uja madzulo. Nakope anafuna kumufunsa mafunso a m'fomu, ndinamugwira mkono. Tinangokhala nawo pang'ono, n'kumapita.

Zina ndi zomwe uzidziwa. Ndalama ya sopo sinabwere miyezi iwiri, a ku ofesi akuti "ikukonzedwa". Njinga yanga tcheni chimaduka pokwera chitunda cha pa esiteti paja, ndipo wokonza pa Chitakale wayamba kundipatsa moni wa pachibale. Shuga akusowa, akapezeka mtengo wake umachita kufunsa kawiri. Ambulera yako ndinabwereketsa kwa a sekeletale a gulu, yabwera nthiti ziwiri zitathyoka, iwo akuti inali choncho kale. Inali choncho? Undiyankhe zimenezi, chifukwa nkhaniyi sinathe ndipo ine sindilipira ambulera imene sindinathyole. Mlongo wako akumanga ukwati mu Okutobala, sabata yotsatana ndi Mulhako wa ku Chonde, mkazi wake ndi wa ku Luchenza, ndikhulupirira wakuuza yekha.

Pali china chimene ndimafuna ndikufunse chichokereni iwe, koma pafoni chimandikanika. Paja usiku uja tikulongedza chikwama unati ukadzabwera sudzakhalanso kuno, ukafuna ntchito yolipidwa m'tauni. Ine ndinaseka, koma kunena zoona zaka zisanu ndi zitatu zongodzipereka zandikwana nanenso, ndipo Nakope akamapita mu Novembala chipinda chija chidzakhalanso chopanda munthu. Mlendo ndi mame, amatero, koma sindinkadziwa kuti ndi iwe yemwe. Ndiye ndimati ngati ukunenetsadi, mwina tonse awiri tikanati

pepala latha, ndalowa kale m'mizere ya chindapusa cha ochedwa. Kavidiyo kaja usaiwale. Osavala sokosi.

Ndine mnzako uja.