Kalata ya kwa Amayi, za ndalama yoperewera ija ndi zipatala za ku Joni

Johannesburg, December 2025

Amayi okondedwa, achemwali ndi nonse pakhomopo,

Muli bwanji kumeneko, mvula yagwa yodzalira? Kuno tilipo, apongozi anu akupezako bwino ayamba kudya tinsima pang'ono bola ndiwo zisakhale zamafuta. Achemwali chonde muwawerengere Amayi kalatayi yonse osadumpha, chifukwa ndamva zoti amalume akunena kuti ndayamba utchona, eti ndalama ya feteleza ndatumiza yochepa komanso Khrisimasi sindibwera. Zonse ziwiri ndi zoona koma chifukwa chake ndi chipatala, si mowa kapena akazi ayi.

Apongozi anu m'mimba munkawapweteka chakumanja kuno pansi pa nthiti, akadya za mafuta usiku osagona, kusanza. Tinayamba ndi dokotala wa pulaiveti wa mu lokeshoni momwemuno, uja umalipira pakhomo R500 iye nkukupatsa jakisoni ndi timapilisi mu kapepala. Zinaleka sabata imodzi nkuyambiranso. Usiku wina zitafika povuta ndinachita kubwereka galimoto ya mnzanga kupita nawo chipatala cha boma, anawalandira ndithu, malamulo akulu a dziko lino pa gawo 27 amati munthu wodwala mwakayakaya asabwezedwe kaya ndi wakuti. Anawaika dilipi ululu nkutsika. Koma kutacha ndi pomwe nkhani inayamba, pa windo la kalaliki. Kuno chipatala cha boma sichaulere ngati kwathu, kiliniki yaing'ono ndiye yaulere koma chipatala chachikulu amayamba akufunsa umalandira zingati, ubweretse pepala la malipiro, la malo okhala, ID kapena pasipoti, ndiye amakuika mu gulu, pali H0 osalipira, H1, H2 mpaka H3. Mlendo amene mapepala ake sali bwinobwino amamulemba kuti alipire mtengo wonse. Apongozi anu pemiti yawo inali isanatuluke ndiye mukudziwa kale komwe anawaika. Kalalikiyo sanatukwane ayi, anangotembenuza kompyuta nkundionetsa nambala, ine mawondo kuzizira.

Anati nkutheka ndi timiyala mu ndulu, pakufunika sikani, koma tsiku la sikani analemba la chaka chamawa. Munthu akubuula ungadikire miyezi? Tinakajambulitsa kwa pulaiveti, ndalama yake pafupifupi malipiro anga a sabata yathunthu. Muziwerengera nokha, malipiro otsikitsitsa aboma chaka chino cha 2025 ndi R28.79 pa ola, ine adona amandiwonjezerako pang'ono koma lendi, thiransipoti, magetsi zonse zimachoka momwemo. Timiyala anatipezadi, pano ali pa mndandanda wodikira opaleshoni ku boma, ya pulaiveti sindinafunse nkomwe mtengo kuopa bipi.

Achemwali munandifunsa pa foni kuti bwanji osangolowa medical aid ngati MASM ija ya anthu a m'maofesi kwathu. Ndinafunsa. Yotchipa yeniyeni ya anthu awiri, yongothandiza ukagonekedwa basi, ikudya theka la malipiro anga kapena kuposa. Ukalowa akhoza kukuuza kuti miyezi itatu yoyamba uzingolipira osathandizidwa, ndipo matenda amene unalowa nawo kale adikire miyezi 12, ndiye kuti ndulu ya apongozi anuyi sakanaigwira chaka chonse. Kuwonjezera apo ukalowa utadutsa zaka 35 usanakhalepo pa medical aid amakulipitsa chindapusa mwezi ndi mwezi, kwa msinkhu wangawu ndi 25 peresenti pamwamba, okalamba kwambiri imafika 75. Eti mlandu wake ndi woti unachedwa kulowa, ngati kuti umachita dala. Nchifukwa chake dziko la anthu opitirira 60 miliyoni amene ali pa medical aid ndi 9 miliyoni chabe, ena tonse ndife a pa mzere wa 5 koloko m'mawa.

Koma Amayi chimene chinandidabwitsa ine, ngakhale amene ali nayowo akulira. Adona amene ndimawagwirira ntchito ndi gogo wa pa penshoni, amalipira medical aid pamwezi ndalama yoposa imene amandipatsa ine, zaka ndi zaka osaphonya. Chaka chino anawachita opaleshoni ya m'chiuno ku chipatala cha pulaiveti, chokongola ngati hotela, ndinkawaperekeza ndine. Atatuluka makalata anayamba kubwera, wina wa dokotala wodula, wina wa dokotala wogonetsa uja, wina wa oyeza magazi, aliyense bilu yakeyake. Medical aid ili ndi mtengo wake umene imati ndi woyenera, dokotala naye ali ndi wake, ena amatchaja kawiri katatu kuposa pamenepo, chotsalacho ndi chako wodwala. Ndiye pali inshuwalansi inanso yapadera yotseka mpata umenewo, amati gap cover, ndiye kuti inshuwalansi ya inshuwalansi, ine ndinaseka nditamva koma adona sanaseke. Ndinawapeza pa tebulo la kukhitchini mapepala ali mbwee, magalasi pamphuno, foni ili pa sipika ikungoimba kanyimbo kodikiritsa, tiyi wazizira, akalandira munthu awauza kuti khodi ya matenda inalembedwa molakwika abwererenso kwa dokotala. Mayi wa zaka zopitirira 70 woyendera ndodo. Anandifunsa ine wa m'munda kuti kodi kwanu zimatere? Ndinasowa choyankha. Ndipo kandalama ka mankhwala a tsiku ndi tsiku kamene amawaikira mu January kamakhala ngati nkhokwe ya chaka cha njala, pofika August mwayera, kuyambira apo akugula okha mthumba. January akubwerayu mtengo ukweranso, chaka chilichonse umakwera kuposa mmene penshoni imakwerera.

Za kukonza zinthu zimakambidwa kwambiri kuno, pa wailesi, mu taxi, pa mzere wa kiliniki. Pa 15 May 2024 a Ramaphosa anasaina lamulo la NHI, inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, patangotsala masabata awiri kuti kuchitike chisankho. Nzeru yake ndi yoti pakhale thumba limodzi la boma, ndalama zichoke mu misonkho, thumbalo lizilipira madokotala ndi zipatala kaya za boma kaya za pulaiveti, munthu uzingopita osatulutsa kanthu, ndipo zikadzakhazikika medical aid izidzangolipira zokhazo zimene thumbalo silikulipira. Nduna ya zaumoyo a Motsoaledi amailankhulira ndi mtima wonse. Koma mabungwe a madokotala, a zipatala za pulaiveti ndi a medical aid anathamangira ku khoti, milandu ili mbwee, mpaka lero pa windo la kalaliki palibe chasintha. Anthu wamba nawo agawanika. Mayi wina wa Chizulu pa mzere ankati bola ibwere, watopa kuona mabwana akuchira iye akudikira. Bambo wina nkumuyankha kuti thumba limenelo asunge ndani, poti ku chipatala cha Tembisa chokha ofufuza za katangale aboma, a SIU, apeza kuti ndalama zoposa R2 biliyoni zinabedwa, ndipo mayi amene anaulula, Babita Deokaran, anamuwombera pakhomo pake mu 2021. Palibe anamutsutsa. Adona awo amati boma likanayamba ndi zimene bungwe loona za mpikisano pa malonda linapeza mu 2019, kuti makampani atatu okha, Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare, ndi amene agwira zipatala zambiri za pulaiveti ndipo palibe amene amaletsa mitengo. Ine maganizo anga, kuika malire pa mitengo ndi kuuza munthu mtengo wonse asanagone pa bedi, zimenezo angathe kuchita mawa lomwe osadikira khoti. NHI ndiyabwino pa pepala koma ife isatinamize, mwalembedwa kuti wopanda mapepala ndi wopempha asylum, chilolezo cha othawa kwawo, azidzangothandizidwa pa ngozi ndi pa matenda opatsirana aja oyenera kunenedwa ku boma, kupatula ana.

Zija munaona pa Facebook za a Operation Dudula, gulu lodana ndi alendo, kuima pa mageti a makiliniki kufunsa ma ID ndi zoona, zachitika malo ambiri chaka chino, amayi oyembekezera ndi a ma ARV kubwezedwa. Khoti lalikulu la kuno mwezi wathawu lagamula kuti alibe mphamvu yofunsa munthu pasipoti, ndi apolisi ndi a imigireshoni okha. Ndipo chigamulo china cha 2023 chinanena kale kuti amayi apakati, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 6 ndi aulere mzipatala za boma posaona dziko lochokera. Muwauze alamu aja akufuna kubwera ndi mkazi woyembekezera kuti lamulo lilipo koma mantha aliponso, aganize bwino.

Tsopano chimene ndalembera kwenikweni. Ife a Malawi kuno tili ndi sosaite ya maliro, mwezi uliwonse timasonkha osaphonya, munthu akamwalira bokosi, mapepala, galimoto mpaka kudutsa Mwanza zonse zimatheka sabata imodzi. Koma apongozi anu ali gone kubuula palibe thumba limene ndikanatapako, ndinachita kuyenda khomo ndi khomo kukongola, ina ya katapila. Ndinadzutsa nkhaniyi pa msonkhano wathu kuti bwanji tiziika kenakake pambali ka odwala, ena anavomera ena akuti anthu azinama matenda, ndinati risiti ya chipatala ilipo bwanji, tikambirananso January.

Kumudzinso ndi chimodzimodzi. Amayi mapilisi anu a bipi mukapita ku health centre amakuuzani kuti atha mukagule ku famase, mukapita cha mishoni ndi kulipira, ndiye mumayamba kumwa modumphadumpha kuti achedwe kutha, achemwali anandiuza musakane. Zimenezo ndi zoopsa, sitiroko imabwera choncho. Ndiye ndikupempha kuti ife ana anu tonse anayi tizisonkha mwezi ndi mwezi, ine ndiziika R300 ngakhale zivute bwanji, achimwene a ku Lilongwe ndi ena anene okha zimene angakwanitse. Ndalamayo ikhale pa nambala yakeyake ya Mpamba kapena Airtel Money, asunge achemwali, pini adziwe anthu awiri, ndipo isakhudzidwe pa feteleza, fizi, chinkhoswe kapena maliro, ikhale ya mankhwala ndi thiransipoti yopita kuchipatala basi. Ikachuluka tizigula mapilisi a miyezi itatu nthawi imodzi poti kwacha sikudalilika, mukukumbukira mmene mitengo inadumphira atayigwetsa ndi 44 peresenti mu November 2023. Amalume ndikudziwa anena kuti kusungira matenda ndalama ndi kuwaitana, muwauze kuti ndawamva koma maliro timasonkhera bwanji.

Achemwali mundijambulire tsamba la mu buku la chipatala la Amayi pomwe alemba dzina la mankhwala ndi mlingo wake, munditumizire pa WhatsApp lero lomwe, ndifunse kwa a famase kuno ngati angandigulitse ndi pepala limenelo. Transipota wathu anyamuka sabata ya mawa, ndampatsa mafuta ophikira, sopo, shuga ndi nsapato za ana, mabulangete adikire ndimalize ngongole. Mbuzi zija musagulitse, ya thumba lachiwiri la feteleza wobereketsa nditumiza ndikalandira bonasi pa 15.

Moni kwa agogo, amalume ndi a mpingo onse, apongozi anu akuti muziwapempherera tsiku la opaleshoni lituluke msanga.

Ine mwana wanu wa ku Joni