Kalata kwa Makolo Potseka Teremu: Ayironi m'Chakudya ndi Khansa ya m'Matumbo

Okondedwa makolo ndi nonse osunga ana athu,

Teremu yatha, ndipo ana anu akubwera ndi malipoti awo. Tsiku lotsegulira lalembedwa pa lipotipo. Zikomo chifukwa chowatumiza kusukulu mosadumphitsa. Za mayeso tidzakambirana pamsonkhano wa makolo. Lero ndilembe za funso limene ana a makalasi apamwamba anapita nalo kunyumba ataphunzira za zakudya, ndipo ena mwa inu mwalibweza kwa ife: kodi ayironi amayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo tileke kupatsa ana zakudya zowonjezera magazi? Chonde musaleke. Koma funsoli lili ndi pomwe lachokera, ndipo aphunzitsi a sayansi andithandiza kulilongosola.

Thupi la munthu wamkulu limasunga ayironi wokwana magalamu 3 mpaka 4, ndipo wambiri amakhala mu himogulobini, imene imanyamula okosijeni m'magazi. Thupi lilibe njira yotulutsira ayironi akachuluka. Limangotaya pafupifupi miligalamu 1 patsiku, kuwonjezera pa amene amapita ndi magazi a msambo kwa atsikana ndi amayi. N'chifukwa chake limadziteteza pakhomo polowera: limayamwa wochepa m'matumbo aang'ono, wotsalayo n'kupitirira kupita m'matumbo akuluakulu. Nkhani ya khansa yagona pa wotsalayu.

Ayironi wa m'chakudya alipo wamitundu iwiri. Wa heme amapezeka m'nyama, m'chiwindi, m'nkhuku ndi m'nsomba, ndipo ndi wochuluka kwambiri m'nyama yofiira, ya ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Thupi limayamwa 15 mpaka 35 peresenti ya ameneyu. Mtundu winawo uli m'nyemba, m'masamba obiriwira, m'mbewu zosakonola ndi m'mapilitsi, ndipo thupi limayamwako 2 mpaka 20 peresenti, malinga ndi zimene mwadyera pamodzi.

Amene ofufuza amamukayikira ndi wa heme. Zotsalira za chakudya zimatha kukhala m'matumbo akuluakulu tsiku lathunthu kapena kupitirira, ndipo nthawi yonseyo heme wosayamwidwa amakhala akukhudza khungu la mkati mwa matumbo. Amaononga mafuta amene ali naye limodzi, monga mmene chinyezi chimachititsira dzimbiri pa chitsulo, ndipo mafuta oonongekawo amapweteka maselo. Amathandiziranso kupangika kwa makemikolo otchedwa N-nitroso, amene amaononga DNA, malangizo oyendetsera maselo a m'thupi. Maselo akapwetekedwa, thupi limapanga ena mofulumira, ndipo kupanga mobwerezabwereza kumachulukitsa mwayi woti lilakwitse. Pamayamba kachotupa kakang'ono kosapweteka, kamene kangatenge zaka 10 kapena kuposerapo kuti kasanduke khansa. Nyama yokonzedwa kuti ikhalitse, monga soseji, hamu, bekoni, poloni ndi nyama ya m'chitini, imawonjezerapo vuto lina, chifukwa yambiri imathiridwa mankhwala osungira nyama otchedwa nitrite, amenenso amapangitsa makemikolo omwewa. Kupsereza nyama pamoto wa malawi mpaka kuda kumabweretsa makemikolo enanso oononga.

Mu Okutobala 2015, bungwe lofufuza za khansa la IARC la ku Lyon ku France, lomwe ndi nthambi ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, linasonkhanitsa akatswiri 22 a m'mayiko 10 kuti aunike kafukufuku woposa 800. Linagamula kuti nyama yokonzedwa imayambitsadi khansa ya m'matumbo akuluakulu, ndipo nyama yofiira mwina imayambitsa. Kudya magalamu 50 a nyama yokonzedwa tsiku lililonse, womwe ndi muyeso wa soseji imodzi, kumakweza chiopsezo ndi pafupifupi 18 peresenti. Nambala imeneyi yaopseza anthu ambiri chifukwa chosaimvetsa. Tiyerekeze kuti mwa anthu 100 osadya nyama yotere, 5 adzadwala khansayi m'moyo wawo. Mwa anthu 100 oidya tsiku ndi tsiku, odwala angakhale pafupifupi 6. Kusiyanako n'kwenikweni, koma kumachokera ku chizolowezi cha zaka zambiri. Phwando limodzi la patchuthi silingadwalitse mwana. Ndionjezere kuti umboni wotsutsa nyama yokonzedwa ndi wamphamvu kuposa wotsutsa heme payekha, umene bungwe la World Cancer Research Fund limauona kuti ndi wochepa, wongosonyeza njira. Nyemba ndi mbewu zosakonola zilibe mlandu umenewu. Zimabwera ndi faiba (mbali ya chakudya imene sigayika m'mimba), amene amafulumizitsa chimbudzi ndi kuchepetsa chiopsezo cha khansa yomweyi.

Kwa ana a msinkhu wa sukulu, vuto lomwe lili pafupi ndi kuchepa kwa ayironi. Mwana wa zaka 4 mpaka 8 amafunika mamiligalamu 10 patsiku, wa zaka 9 mpaka 13 amafunika 8, mnyamata wa zaka 14 mpaka 18 amafunika 11, ndipo mtsikana wa msinkhu womwewo amafunika 15 chifukwa cha msambo. Mwana wochepa magazi amatopa msanga, amasinza m'kalasi, amaiwala zomwe waphunzira, ndipo zikhatho ndi mkati mwa zikope zimatuwa. Ambiri otere amanenedwa kuti ndi aulesi, zomwe zimandimvetsa chisoni, poti kachipangizo koyezera magazi pachala kangaonetse chilungamo m'mphindi zochepa. Malinga ndi WHO, himogulobini yochepera 11.5 g/dL kwa mwana wa zaka 5 mpaka 11, kapena yochepera 12 kwa wa zaka 12 mpaka 14, ikusonyeza kuchepa kwa magazi.

Ndiye muphike bwanji? Nyama yofiira isachoke pakhomo, koma ikhale ndi malire. Kwa munthu wamkulu, World Cancer Research Fund imalangiza kusapitirira magalamu 350 mpaka 500 a nyama yophika pa sabata, omwe ndi pafupifupi magalamu 700 mpaka 750 a yaiwisi pa malire apamwambawo, kapena kudya katatu pa sabata. Mwana adye yocheperapo. Masiku enawo ndiwo zikhale nyemba, nsomba, nkhuku, mazira ndi masamba. Soseji ndi poloni zisakhale za m'kambale ka kusukulu tsiku lililonse. Nyama muziiphika ndi madzi kapena pamoto wodekha, ndipo mbali yopserera muzidula n'kutaya.

Pomwe ambiri amataya ayironi ndi pa zakumwa. Tiyi ndi khofi zili ndi tannin, amene amamanga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba kuti asayamwidwe, choncho mwana adikire ola limodzi atadya asanamwe tiyi. Vitamini C amachita zosiyana: lalanje, tomato wamuwisi kapena madzi a ndimu pa chakudya chomwecho zimathandiza thupi kuyamwa wambiri. Vitaminiyu amaonongeka ndi kutentha, n'chifukwa chake masamba ophikitsa mpaka kufiirira sathandiza kwenikweni. Nyemba muziviika usiku wonse n'kutaya madziwo musanaphike, chifukwa kuviika kumachepetsa phytate, amenenso amatsekereza ayironi. Kanyama kochepa kosakaniza mu nyemba kamathandiza kuti ayironi wa nyembazo alowe bwino.

Mapilitsi a ayironi ndi mankhwala, ndipo aperekedwe ndi achipatala. Kumadera komwe kuchepa kwa magazi kuli kofala, WHO imalimbikitsa kuti atsikana otha msinkhu azimwa mamiligalamu 60 a ayironi pamodzi ndi vitamini wotchedwa folic acid kamodzi pa sabata, ndipo amayi oyembekezera azimwa 30 mpaka 60 tsiku lililonse. Amene wapatsidwa amwe mpaka kumaliza, asaope khansa. Cholakwika n'kugulira mwana mapilitsi asanayezedwe, chifukwa magazi amachepanso ndi malungo, njoka za m'mimba kapena matenda obadwa nawo, ndipo pilitsi silichiza zimenezo. Mapilitsiwa amadetsa chimbudzi ndipo nthawi zina amadzimbitsa, zomwe sizoopsa. Choopsa ndi mwana wamng'ono kumeza ambiri nthawi imodzi. Angathe kumwalira, choncho muwasunge patali, ndipo zikachitika thamangirani kuchipatala ngakhale mwanayo akuoneka bwino.

Mbali iyi ndi yanu inuyo makolo, ndi agogo a anawa. Khansa ya m'matumbo akuluakulu imagwira kwambiri anthu opitirira zaka 50. Mu 2020 inapezeka mwa anthu oposa 1.9 miliyoni padziko lonse ndipo inapha oposa 930,000. Chotupa chimatha kutaya magazi pang'onopang'ono osaoneka ndi maso, kotero chizindikiro choyamba chimakhala kuchepa kwa ayironi. Bambo wamkulu, kapena mayi amene anasiya kusamba, akapezeka ndi magazi ochepa popanda chifukwa chodziwika, asangomwa mapilitsi n'kukhala. Afunse adokotala kumene magaziwo akupita, ndipo apemphe kuyezedwa chimbudzi kapena kuunikidwa m'matumbo. Chimodzimodzi ngati mwaona magazi m'chimbudzi, kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kopitirira masabata 3, kupweteka kwa m'mimba kosatha, kapena kuonda mosadziwika bwino. Ngati kholo kapena m'bale wanu wa bere limodzi anadwalapo khansayi, auzeni adokotala, chifukwa mungafunike kuyamba kuyezedwa msanga.

Mwana wanu akapezeka ndi vuto la magazi patchuthipa, kapena akayamba kumwa mapilitsi a ayironi, dziwitsani mphunzitsi wa kalasi yake tsiku lotsegulira, kuti tizimuyang'anira pa masewero ndi pa maphunziro.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu