Usawoloke, dikira madzi aphwe

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza zimene unayankhula pa chinkhoswe paja, zoti galimoto ya Ford Ranger imene akupatsa kuntchitoyo imaganiza yokha, ukangoika kabatani pa 4A, pomwe imadzigawira yokha mphamvu ku mawilo onse anayi, ndiye kuti mtsinje uliwonse ndi wako. Akuti mnzako uja wa magalasi akuda ndiye ankawomba m'manja. Amayi ako chimvereni zimenezi tulo sakutiona.

Zoti akukweza pantchito ndakondwa nazo, usandimve molakwa. Koma akukutumiza ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, mvula ili pakhomo, ndipo msewu wochoka pa Thabwa kukafika ku Fatima ndi Makhanga ndimaudziwa kuposa iwe.

Tamvera tsono zimene zimachitika pansi pa mpando wakowo. Kuseri kwa giyabokosi kuli bokosi lina, transfer case, logawa mphamvu ku shafuti yakumbuyo ndi yakutsogolo. Pa 4A galimoto imakankhidwa makamaka ndi mawilo akumbuyo. Pa wilo lililonse pali sensa yowerenga liwiro, zomwe zija za ABS zoletsa mawilo kukhukhuluzika ukaponda mabuleki mwamphamvu. Akumbuyo akayamba kuzungulira msanga kuposa akutsogolo, kompyuta imadziwa kuti apa paterera, imafinya timbale ta kalachi m'bokosi muja, mphamvu ina n'kupita kutsogolo. Matayala akagwira, imamasula. Imaonanso mmene wapondera moto. Nzeru zakezo zathera pomwepo. Imamva teyala likamaterera, koma kuzama kwa mtsinje wa Livunzu siikuona, ngakhalenso dzenje limene madzi akumba pansi usiku.

Pa Land Cruiser yakale ija tinkatsika, mapazi m'matope, kukapotokola mahabu akutsogolo kuchoka pa Free kufika pa Lock. Iwe unkalirira kupotokola wekha, timanja tosakwana n'komwe, amayi ako akukalipa za malaya ako a kutchalitchi. Kutsika kuja kunkatipatsa mpata woona msewu ndi maso athu. Inu a lero simutsika, mumangotembenuza kabatani muli pa foni.

Sindikunyoza 4A ayi. Pa tala wonyowa, kapena pamene msewu ukusinthasintha, apa pouma apo poterera, ndi yabwino zedi. Koma imathandiza kunyamuka ndi kukwera, siithandiza kuima. Potsetsereka paja pochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, mabuleki ako ndi omwewo a galimoto ina iliyonse, ndipo yakoyo ndi yolemera. Tsika ndi giya yaing'ono. Matope akuya kapena mchenga wautali ukauona, ika 4H, yomanga mawilo akutsogolo ndi akumbuyo pamodzi, usanalowe, chifukwa pa 4A kalachi ija ikamangogwira n'kusiya nthawi yaitali imatentha. Ukabwerera pa tala wouma, chotsa 4H msanga. Pokhota, mawilo akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo, ndiye ukawamanga pamodzi amalimbana, matayala n'kudyeka, bokosi lija n'kuonongeka. 4L, yamphamvu zokoka kwambiri, ndi ya poyenda pang'onopang'ono, ndipo umayamba waima n'kuika giya pa N, pa nyutulo. Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi, usalole kuti akuikire lina losiyana poti ndi lotchipa.

Koma izi zonse ndi zazing'ono. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi madzi. Mitsinje ya kumeneko imatsika m'mapiri a ku Thyolo. Mvula imagwa kumtunda inu kumunsi kuli dzuwa, madzi n'kungofika osaodira, atanyamula miyala ndi mitengo. Madzi othamanga okwana masentimita 60, kungopitirira mawondo pang'ono, amakokolola galimoto yaikulu ngati yakoyo. Ikayamba kuyandama, matayala anayi onse alibe pogwira, kompyutayo igawa mphamvu kupita kuti? Injini nayo ikamwa madzi polowera mpweya imaima pomwepo pakati pa mtsinje. Unaona wekha zimene namondwe wa Freddy anachita mu Marichi 2023, sindibwereza.

Ndikudziwa mtima wako. Sufuna kuoneka wamantha anthu akuyang'ana, unali choncho kuyambira uli ku pulayimale. Patsidya padzakhala anyamata okuwa kuti bwana lowani, tikukankhani, ndipo mnzako uja akadzakwera nawo adzakhala woyamba kukuthira moto. Iye alibe mkazi woyembekezera kunyumba, iwe uli naye. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana wanga. Zimitsa injini, funsa anthu a pamudzi pomwepo, dikira madzi aphwe ngakhale kugona m'galimoto. Msonkhano umene ukuthamangirawo adzaitanitsa wina. Usawoloke. Ndabwereza dala.

Mnzakoyo asagwire chiwongolero, galimoto ndi ya kuntchito.

Tenga fosholo ndi chingwe chokokera, changa chija chili m'nyumba ya nkhuku ngati sunagule. Oilo wa mu transfer case auone makaniko usananyamuke, ambiri amaiwala. Amayi ako akuti udutse kuno udzatenge ufa ndi nyemba, ndipo mpongozi wathu abwere adzakhale nafe mpaka achire. Ukafika pa Thabwa uziimba foni usanakhotere msewu wa ku East Bank.

Ndine,
Bambo ako