Amama ayamba sukulu ya pa foni

Mnzanga,

Uli bwanji kumeneko ku Johannesburg, nanga ana? Ife kuno ku Chilenje, mu Lusaka, tilipo, kutentha kokha ndiye kwanyanya.

Unandifunsa za amama. Ayamba kuphunzira chizungu pa foni! Paja sukulu anasiyira panjira kalekale, ndiye makalata a kuchipatala ndi mameseji a ndalama za pa foni amachita kudikira mdzukulu abwere kusukulu adzawawerengere, ndipo ana a masiku ano ukuwadziwa, ukawafunsa kachiwiri ayamba kale kukwinya nkhope. Amama akaona choncho amangoti basi zisiyeni, kenako osafunsanso.

Ndiye ndinawaonetsa AI ija, chinthu cha pa foni chimene ukachifunsa chimakuyankha ngati munthu. ChatGPT inatuluka mu 2022, ndipo mu 2024 Meta AI inalowa mu WhatsApp kuno ku Zambia, sipafunikanso kukhala ndi kompyuta. Ndinawakulitsira zilembo, ndikuwaonetsa kamaiki kaja koti azingolankhula foni izilemba yokha, poti zala zawo pa tizilembo tating'ono zimadina tiwiri nthawi imodzi. Madzulo akaweruka kumsika amakhala pa mphasa, magalasi ali pamphuno, kope la ngongole za makasitomala lili pambali, nkumafunsa mawu amodzimodzi mobwerezabwereza mpaka alowe. Sichitopa, sichiwaseka, sichiwauza kuti ndakuuzani kale. Amachitchula kuti "inu" ndipo akamaliza amati zikomo aphunzitsi. Tsiku lina anawerenga okha meseji yonse ya ndalama zomwe mlongo wanga anatumiza, ukanaona mmene anaimirira nkuyamba kuitana aneba.

Koma usaganize kuti ungowapatsa foni nkuchokapo ayi. Zinthuzi zinaphunzira kwambiri pa zolembedwa za chizungu, chinyanja chathu pa intaneti nchochepa, ndiye nthawi zina zimasakaniza mawu osamveka, pena kuyankha zabodza koma molimba mtima ngati zoona, ndipo munthu wamkulu amene anakula akulemekeza chilichonse cholembedwa amangokhulupirira. Apa mpomwe ine ndimaopa. Ndinawauza kuti za mankhwala a BP afunse anesi kukiliniki, ndipo PIN ndi nambala ya chitupa cha NRC asalembemo olo zitavuta bwanji, akuba a pa foni achuluka. Loweruka ndimakhala nawo tikuonanso zomwe aphunzira sabata yonse. Bandulo nayo imatha msanga, magetsi akapita foni yazima sukulu yatsekedwa.

Ndiye ndimaganiza za amayi ako ku Matero, paja amadandaula kuti sadziwa kukuimbira pa vidiyo. Ukatumiza foni yabwinoko, ya sikirini yaikulu, ine ndizipita Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndikawayambitse, ndipo amama akuti adzabwera nawo kuti aziphunzira awiri. Undiyankhe msanga mwezi usanathe.

Upereke moni kwa alamu.

Ndine mnzako wa ku Chilenje